Kodi matenda a alongo anga ndi amene alowa mwa mwana wanga?

Funso lachokera kwa mayi wina wa kufupi ndi Chia, m'boma la Nkhotakota:

"Alongo anga anayamba kudwala ali ndi zaka 22, atamaliza Fomu 4 bwinobwino. Ankamva mawu a anthu osaoneka ndipo ankati pali anthu akuwasaka kuti awaphe. Anagonekedwapo ku Zomba, madokotala n'kunena kuti ndi schizophrenia. Ankasutanso chamba. Tsopano mwana wanga wamwamuna wa zaka 4 salankhula, ukamuitana sacheuka, amangokhalira kuzunguliza chivundikiro cha poto. Kuchipatala anati mwina ndi autism. Akuchimuna akuti ndi misala ya kwathu, moti nkhani yafika kwa ankhoswe. Kodi n'zoona kuti zachokera m'magazi mwanga? N'zotheka kuyezetsa kuti tidziwe? Nanga ndiberekenso?"

Yankho:

Mayi, zimene akunena akuchimunazo si zoona m'mene iwo akuzinenera. Koma sindikunamizani kuti chibadwa chilibe mbali pa nkhaniyi. Chili nayo, yaikulu ndithu. Kungoti sichiyenda m'njira imene anthufe timaganiza tikamati "zakumtundu", ngati kuti pali nthenda imodzi imene ikutsetsereka kuchoka kwa amalume kupita kwa mphwawo.

Matenda awiriwa ndi osiyana. Schizophrenia imagwira munthu amene anakula bwino, kawirikawiri kuyambira pamene watha msinkhu mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 30, ngati m'mene zinachitikira ndi alongo anu. Bungwe la WHO limati ili ndi munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 300. Autism ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka ana ena, ndipo zizindikiro zimaoneka mwana asanafike zaka zitatu: kuchedwa kulankhula kapena kusalankhula, kusayang'ana anthu m'maso, kusasewera ndi anzake, kubwereza chinthu chimodzimodzi, kudana ndi phokoso lina. Imapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 100, anyamata kuposa atsikana. Mwana wa autism sali pa njira yopita ku misala. Mwana wanuyo sindinamuone, choncho dzina la vuto lake tisiyire amene adzamuyeze, koma zimene mwafotokozazo si zizindikiro za matenda a amalume ake.

Pafupifupi selo lililonse la thupi lili ndi DNA, malangizo a kapangidwe ka munthu olembedwa ndi zilembo za mitundu inayi yokha. Zilembo pafupifupi 3 biliyoni zimachokera kwa mayi, zina zochuluka chimodzimodzi kwa bambo. Zinakulungidwa m'timitolo 46 totchedwa ma chromosome, 23 ta kuchikazi ndi 23 ta kuchimuna, ndipo m'menemo muli tizigawo ta malangizowa totchedwa ma gene, pafupifupi 20,000. Ife Achewa timawerengera mtundu kuchikazi, mwana ndi wa mbumba ya amalume ake. Umenewo ndi mwambo. Selo limagawa pakati ndi pakati, ndipo bambo a mwanayo anapereka theka lawo lathunthu.

Alipo matenda amene amayendadi ndi gene imodzi, ndipo ndi amene anatizoloweretsa kuganiza kuti zonse zimatero. Khungu lachialubino ndi sickle cell zimabwera pamene makolo onse awiri ali ndi gene yosinthikayo mobisika, ndipo pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe nazo ndi umodzi pa inayi. Akatswiri anatha zaka zambiri, makamaka m'ma 1980 ndi m'ma 1990, akusakasaka gene imodzi yotereyi ya schizophrenia. Ankalengeza kuti aipeza, ena akabwereza kafukufukuyo n'kupeza kuti palibe.

Chimene chinkawalimbitsa mtima kusaka chinali mapasa. Mapasa ochokera m'dzira limodzi amakhala ndi DNA yofanana. Kafukufuku wa ku Denmark amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti mmodzi akadwala schizophrenia, mnzakeyo amadwalanso maulendo 33 pa 100, pamene kwa mapasa osafanana ndi maulendo 7 okha pa 100. Kafukufuku wakale ankaika chiwerengero cha mapasa ofananawo pafupi ndi theka. Muone zinthu ziwiri pamenepa. Kusiyana kwa 33 ndi 7 kukusonyeza kuti chibadwa chili ndi mphamvu. Koma anthu awiri a DNA imodzimodzi, obadwa tsiku limodzi, oyamwa bere limodzi, nthawi zambiri wina amadwala wina osadwala. Pa autism, kafukufuku wa mapasa anayamba mu 1977 ndi Susan Folstein ndi Michael Rutter ku England, pa nthawi imene madokotala ena ankanenabe kuti vutoli limadza chifukwa cha mayi wosasonyeza chikondi kwa mwana. Bodza limenelo linazunza amayi ambiri a ku Ulaya ndi ku America, ndiye si inu woyamba kulozedwa chala. Mu 2019 kafukufuku wa ana oposa 2 miliyoni a ku Denmark, Finland, Sweden, Israel ndi Western Australia anapeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a kusiyana kwa anthu pa chiopsezo cha autism amachokera ku chibadwa. Zimenezi sizikutanthauza kuti ana 80 pa 100 a m'banja lotere adzakhala nayo, ayi.

Ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu itatha mu 2003, zinayamba kutheka kuyerekeza DNA ya odwala zikwizikwi ndi ya anthu osadwala. Gulu la akatswiri a m'mayiko ambiri lotchedwa Psychiatric Genomics Consortium linapeza mu 2014 malo 108 a mu DNA okhudzana ndi schizophrenia. Pofika 2022, atayeza odwala oposa 76,000 ndi anthu osadwala oposa 243,000, malowo anakwana 287, ndipo akuyembekezeka kuchulukirabe. Malo alionse paokha amawonjezera chiopsezo pang'ono zedi. Chofunika kwambiri kwa inu n'chakuti timasinthidwe ta zilembo za DNA ta pa malo amenewa si tachilendo. Aliyense ali nato tambirimbiri: inu, ine, amuna anu, ngakhale apongozi anu amene akulankhula kwambiriwo.

Inu a kunyanja mukudziwa bwato. Palibe thumba limodzi la chinangwa limene limamiza bwato. Bwato lililonse limanyamuka ndi katundu, lina wochepa lina wambiri, ndipo katunduyo anapakira ndi anthu a mbali zonse ziwiri. Lolemedwa kwambiri likhoza kuwoloka bwinobwino tsiku la bata, koma likakumana ndi mwera limamwa madzi, pamene lopepuka likudutsa. Mwana aliyense amalandira kasakanizidwe kakekake ka timasinthidweti, n'chifukwa chake m'nyumba imodzi wina amadwala, asanu osadwala.

Kodi ma gene amenewa amagwira ntchito yanji? Apa ndi pamene kafukufuku wandisangalatsa kwambiri ine. Ambiri amakhudza malo amene maselo a ubongo amalumikizirana n'kupatsirana uthenga, otchedwa ma synapse. Mwana wamng'ono amapanga malumikizano ochuluka kuposa amene adzawafune, ndipo akamatha msinkhu ubongo umadulira ena kuti otsalawo agwire bwino ntchito. Mu 2016 gulu la ku Boston, lotsogoleredwa ndi Steven McCarroll mogwirizana ndi Beth Stevens, linasonyeza kuti gene yotchedwa C4, imene timaidziwa pa chitetezo cha m'thupi, imathandizanso kuika chizindikiro pa ma synapse oti achotsedwe, ndipo anthu amene mtundu wawo wa C4 umagwira ntchito mopyola ali pa chiopsezo chokwererapo cha schizophrenia. Ngati kudulirako kumapitiriradi muyezo mwa odwala, ndiye kuti tayamba kumvetsa chifukwa chake mnyamata amakhoza mayeso a Fomu 4 bwinobwino, matenda n'kudzamupeza pambuyo pake. Mu 2022 kafukufuku wina, wotchedwa SCHEMA, anapeza ma gene 10 amene akawonongeka amakweza chiopsezo kwambiri, monga SETD1A ndi GRIN2A. Kuwonongeka kotereku n'kosowa, kumapezeka mwa odwala ochepa chabe.

Pali chinanso chimene ankhoswe ayenera kumva. Mwana aliyense amabadwa ndi zilembo zina za DNA zimene mulibe mwa mayi ake kapena bambo ake. Zimasintha mwangozi pamene umuna kapena dzira likupangidwa. Kafukufuku wa ku Iceland wa 2012 anawerenga masinthidwe atsopano otere pafupifupi 60 mwa mwana aliyense, ambiri ochokera ku umuna, ndipo amawonjezeka ndi awiri pa chaka chilichonse cha msinkhu wa bambo. Pafupifupi onse savulaza. Koma kamodzikamodzi kusinthako kumagwera pa gene yofunika pa kakulidwe ka ubongo. Mu 2020 akatswiri anatchula ma gene 102 okhudzana ndi autism, monga CHD8, SCN2A ndi SHANK3, ndipo mwa ana ambiri amene anapezeka ndi vuto pa ma gene amenewa, makolo onse awiri analibe. Musatenge mfundo ya umunayi ngati mpini wobwezera akuchimuna. Palibe bambo amene amasankha zimenezi, monganso palibe mayi amene amasankha kubereka mwana wa Down syndrome, vuto limene mu 1959 ku Paris anapeza kuti limadza chifukwa cha chromosome 21 yowonjezera.

Ndiye kodi matenda a alongo anu ndi vuto la mwana wanu sizikhudzana n'komwe? Kukhudzana kulipo, koma kochepa. Mu 2019 gulu lija la Psychiatric Genomics Consortium linayerekeza matenda asanu ndi atatu a ubongo ndi maganizo n'kupeza malo 109 a mu DNA amene amakhudza matenda awiri kapena kuposerapo. Palinso kachidutswa ka chromosome 22, kotchedwa 22q11.2, kamene kakasowa mwana angabadwe ndi vuto la mtima kapena la m'kamwa, angachedwe kuphunzira, ndipo mmodzi mwa anayi amadzadwala schizophrenia atakula. Koma amalume ndi mphwawo amafanana gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a chibadwa chimene chimasiyanitsa anthu. Kunena kuti nthenda ya amalume ndiyo yalowa mwa mwana n'kulumpha kwambiri.

Vuto limodzi limene limadutsiradi kwa mayi kupita kwa mwana wamwamuna, ndipo ndi bwino mulidziwe, ndi Fragile X. Gene yake, FMR1, anaipeza mu 1991 ndipo ili pa chromosome X, imene mnyamata amalandira kwa mayi ake basi. Imachititsa kuchedwa nzeru kuyambira ubwana ndipo ena amakhalanso ndi autism. Dokotala amaiganizira akamva kuti kuchikazi kuli anyamata angapo amene sanathe kuphunzira chibadwire. Mbiri ya alongo anu, amene anayenda bwino mpaka zaka 22, siyofanana ndi imeneyo.

Za kuberekanso. Kafukufuku wotsatira azing'ono a ana a autism, wa 2011 ndi wina wa 2024, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu amadzapezekanso nayo, ndipo chiopsezo n'chokwererapo akakhala mnyamata. Ndiye kuti anayi mwa asanu sakhala nayo. Pa schizophrenia, ziwerengero zimene anasonkhanitsa Irving Gottesman zimasonyeza kuti mwana amene amalume kapena azakhali ake akudwala ali ndi chiopsezo cha pafupifupi 4 pa 100, pamene mwana wa wodwala mwiniwake ndi pafupifupi 13 pa 100. Ine sindiona chifukwa cha chipatala chokuletsani kubereka. Chimene ndingakufunseni ndi mphamvu zanu: mwana amene muli nayeyu afuna nthawi yanu yambiri zaka zikubwerazi, ndiye kulera kaye kwa kanthawi si kulakwa. Chisankhocho n'cha inu ndi amuna anu, osati cha bwalo.

Ziwerengero zonsezi muzitenge mosamala, chifukwa zachokera kutali. Pofika 2019, pafupifupi 79 pa 100 mwa anthu oyezedwa pa kafukufuku wamtunduwu anali ochokera ku mitundu ya ku Ulaya, chonsecho DNA ya anthu a mu Africa ndi imene ili yosiyanasiyana kuposa ya anthu ena onse pa dziko lapansi. Njira zowerengera chiopsezo cha munthu kuchokera ku DNA, zimene ngakhale kwa azungu sizitha kulosera za munthu mmodzi, zimalephera kwambiri zikafika kwa ife. Zinthu zayamba kusintha. Mu 2020 kunatuluka kafukufuku wa Axhosa a ku South Africa, odwala pafupifupi 900 ndi osadwala pafupifupi 900, ndipo anapezanso kuti ma gene a ma synapse ndi amene amawonongeka kawirikawiri mwa odwala. Ntchito ya NeuroGAP yasonkhanitsa DNA ya anthu masauzande ambiri ku Ethiopia, Kenya, Uganda ndi South Africa, ndipo ya NeuroDev yayeza ana ku Kilifi ndi ku Cape Town.

Mwera uja, kutanthauza zovuta zimene munthu amakumana nazo pa moyo, kwathu kuno ndi wamphamvu, ndipo ndikuona kuti nthawi zina timathamangira za mtundu n'kuiwala zimene zili pakhomo. Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo. Zotsatira zake, za mu 2010, zinasonyeza kuti 12 anayamba khunyu, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi anatsala ndi vuto latsopano la kulankhula, kuyenda kapena kuphunzira. M'mphepete mwa nyanja muno, kumene udzudzu sutha chaka chonse, mwana wosalankhula ayenera kufunsidwa kaye: anakomokapo ndi malungo? Ankalankhula kenako n'kusiya atadwala? Analira atangobadwa, kapena anabanika? Anachita chikasu chachikulu ali wakhanda? Anabadwa masiku asanakwane? Njala ya mayi woyembekezera nayonso imasiya chipsera: ana amene mimba zawo zinayamba pa njala yoopsa ya ku Netherlands ya 1944 mpaka 1945 anadzadwala schizophrenia kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo. Katemera yekha musamukayikire. Nkhani yoti katemera wa chikuku amayambitsa autism inachokera ku lipoti la 1998 limene magazini ya The Lancet inadzalichotsa mu 2010, ndipo ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000 osapeza kugwirizana kulikonse.

Chamba cha alongo anu sindichilambalala, poti Nkhotakota ndi chamba n'zodziwana. Ku Sweden anatsatira anyamata oposa 45,000 olowa usilikali, ndipo mu 1987 anapeza kuti amene anali atasuta kwambiri anadwala schizophrenia kuwirikiza kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi osasuta. Ambiri osuta sadwala, n'zoona, ndipo anyamata a padoko adzakuuzani zimenezo. Koma kwa amene anabadwa ndi chiopsezo chachikulu, chamba chimafulumizitsa matenda ndipo chimawabwezeretsa munthu atayamba kupeza bwino. Anyamata a m'banja mwanu auzidwe mosabisa kuti iwo asayerekeze. Alongo anuwo asasiye mankhwala chifukwa choti akuoneka bwino. Ngati mapiritsi akuwavuta kukumbukira kapena akuwaumitsa thupi, akafotokoze kwa namwino wa matenda a maganizo pa chipatala cha boma, chifukwa pali jakisoni wa pamwezi ndiponso mankhwala ochepetsa kuumako.

Kuyezetsa magazi kumene mwafunsako: palibe kuyeza magazi kulikonse pa dziko lapansi kumene kumanena kuti uyu ali ndi autism kapena schizophrenia. Matendawa amadziwika pomvetsera mbiri ndi kuonetsetsa khalidwe la munthu. Kuyeza DNA kumangofufuza chimene chayambitsa, ndipo ngakhale m'mayiko olemera kumapeza yankho mwa ana osapitirira mmodzi mwa asanu amene ali ndi autism yokha, ndi mwa mmodzi mwa atatu ngati palinso kuchedwa nzeru. Sikuchitika m'zipatala zathu za m'maboma, magazi amachita kutumizidwa kunja pa mtengo wokwera, ndipo nthawi zambiri zotsatira sizisintha chithandizo cha mwana. Musagulitse mbuzi kapena munda wa mpunga chifukwa cha zimenezi. Wina akakuuzani kuti ali ndi makina ogwira padzanja n'kuona matenda a ubongo, kapena mankhwala otsuka magazi a kumtundu, akufuna ndalama zanu.

Ndalama ya ulendo muisungire kuyezetsa makutu. Mwana wosacheuka poitanidwa angakhale wosamva, ndipo ana otere ambiri amatchedwa mayina osayenera kwa zaka. Pemphani kalata yokutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuti akamuone dokotala wa ana, ndipo ku Lilongwe komweko, ku African Bible College, kuli kiliniki yoyeza makutu. Mutenge buku lake la kusikelo. Pali chida choyezera kakulidwe ka ana chimene chinapangidwira kuno, Malawi Developmental Assessment Tool, chogwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wa kumudzi amazidziwa. Muwauzenso ngati amagwa kapena kuyang'ana pamodzimodzi ngati wachoka, chifukwa khunyu imayenda pamodzi ndi autism mwa ana ena ndipo ili ndi mankhwala. A St John of God, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, amathandiza pa matenda a maganizo, ndipo aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, amene ambiri amaphunzira ku Montfort ku Chiradzulu, mungawafunse kudzera ku ofesi ya maphunziro.

Mankhwala ochiza autism kulibe, koma kuphunzitsa mwana msanga kumasintha zambiri, ndipo mphunzitsi wamkulu ndi wa pakhomo. Chivundikiro chimene amazungulizacho musamulande. Khalani pansi moyang'anana naye, mutenge chanu, muzungulize nanunso. Chikaima, dikirani. Akakuyang'anani ngakhale pang'ono, kapena akakukankhirani dzanja, nenani liwu limodzi, "zungulira", n'kuchizunguliza pomwepo. Pa chakudya chimodzimodzi: muonetseni nthochi ndi mbatata, adzisankhire poloza, inu n'kutchula dzina la chimene walozacho. Mawu afupiafupi, obwerezabwereza, tsiku ndi tsiku. Musamutsekere m'nyumba, ndipo pafupi ndi madzi asakhale yekha, chifukwa ana a autism amakonda kuchoka osatsanzika ndipo ambiri amakopeka ndi madzi. Ku sukulu ya mkombaphala apite, ngakhale kwa ola limodzi.

Kwa ankhoswe, pemphani chinthu chimodzi: bambo a mwanayo apite nanu kuchipatala akamve okha. Amuna ambiri amafewa akamva kuchokera kwa dokotala zimene anakana kumva kwa akazi awo. Nkhani ikayamba kulowera koti agogo akuti anamulodza kapena wina anamukhwimira bizinesi, akumbutseni kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911.

Mukadzaganiza zotenga mimba ina, yambani kumwa folic acid musanaime, gonani m'neti, thirani mchere wa ayodini, yambani sikelo msanga ndipo mukachilire kuchipatala. Ngati inuyo mumamwa sodium valproate pa vuto lililonse, kaonaneni ndi dokotala mimba isanayambe, chifukwa mankhwalawa amavulaza msana ndi ubongo wa mwana ali m'mimba, koma musawasiye panokha. Mwanayo akadzabadwa, muzidzamuyang'anitsitsa. Akakwana chaka osacheuka pomva dzina lake, kapena akafika miyezi 18 osaloza chinthu ndi chala kuti inu muchione, musamvere zoti anyamata amachedwa kulankhula. Kauzeni a kusikelo mwezi womwewo.